Mtembo wa Udzu

Ndili mwana, kwathu ku Simle kunali bambo wina dzina lake Jagat amene anapita ku India kukafuna ntchito nkungoti zii. Patapita zaka zambiri abale ake anachita zimene mwambo umalamula pamene mtembo palibe. Wansembe anamanga udzu wopatulika wotchedwa kusha nkupanga kamunthu kotalika ngati mkono, anakafunditsa nsalu yoyera, ndipo anakatentha kumtsinje monga timatenthera akufa athu onse. Mkazi wa Jagat anasamba utoto wofiira umene akazi okwatiwa amapaka pamutu, mikanda yake ya ukwati nkudulidwa.

Chaka chotsatira Jagat anatulukira, wonenepa, wailesi ili m'manja. Palibe anathamanga kukamulandira. Anaima kumapeto kwa bwalo la nyumba yake, ndipo amayi ake anamukankhira mbale ya mpunga ndi ndodo. Achimwene anga a Dambar anandigwira dzanja nati, "Usamuyang'anitsitse, Hemanta. Anamutentha kale ameneyo." Wansembe anati ilipo njira yomubadwitsanso, koma mkazi wake anakana kukhala ndi munthu amene phulusa lake analiona likupita ndi madzi. Tsiku lina Jagat anachokanso. Wailesi anaisiya pakhoma la miyala, ikulankhulabe.

Makalata otsatirawa ndi a chaka chimene achimwene a Dambar anali atasowa kale kwa nthawi yaitali. Masiku ake ndi a miyezi ya kwathu, imene imatsatana motere: Asar, Saun, Bhadau, Asoj. Anga omwe ndili nawo chifukwa kalata iliyonse ndimailemba kawiri. Yoyamba sindiikhulupirira.

*

Kathmandu, 8 Asar

Alamu anga a Goma,

Ndagwada pamapazi a Amayi, ndipo inu landirani moni wanga. Chifuwa cha Amayi chili bwanji? Mpunga mwawoka kale? Ine ndili bwino, ndikadali kukonza zolakwika za anthu ena kunyumba yosindikiza mabuku kuja.

Kalata iyi muyambe mwaiwerenga nokha musanawawerengere Amayi. Mayina a oweruza atsopano a Bwalo Lalikulu atuluka, ndipo pakati pawo pali Gunanidhi Luitel. Yemwe uja. Dzinalo ndinaliona m'nyuzipepala ndili m'basi, ndipo ndinapitirira potsikira panga.

Sindikufuna kukudzutsirani zowawa, koma ndikuopa kuti mutu wanga ukuwonjezera kapena kuchotsa. Achimwene anatengedwa masana m'kalasi, choko chili m'manja, ndi amuna a yunifomu zopanda mayina. Inu ndi ine tinapita kubwalo la kuboma kukapempha kuti owasungawo awaonetse pamaso pa woweruza. Luitel, amene anali woweruza pamenepo, anakhalira pempho lathu nyengo yonse yozizira, ndipo nthawi imeneyo anthu ankamuona akumwa tiyi kumpanda kwa omwe tinkawadandaulawo. Pomaliza anapukuta magalasi ake nkunena kuti palibe umboni woti munthuyo ali m'manja mwa aliyense. Ananenanso china kwa inu chimene sindikuchikumbuka bwino. Ndikumbutseni.

Lamulo la tsopano likuti woweruza asanalumbire aonekere pamaso pa komiti ya aphungu, ndipo aliyense amene ali ndi dandaulo akaliponye m'bokosi pakhomo la komitiyo. Phungu wina wa chipani chotsutsa anachita kundifunafuna. Ali ndi dzino la golide, ndipo polankhula amagwira munthu bondo. Akuti Luitel ndi munthu wa chipani cholamula, ndipo nkhani ya achimwene ikhoza kumugwetsa. Akuti komiti ikamva kuti munthu akusowa mpaka lero, siingachitire mwina koma kufunsa kuti ali kuti.

Ndalemba dandaulolo. Bokosilo ndinalizungulira monga timazungulirira kachisi popemphera, ndisanaponyemo. Sindikudziwa ngati ndachita bwino osakufunsani. Ndiyankheni msanga.

Mlamu wanu,
Hemanta

*

Simle, 19 Asar

Babu Hemanta, mlamu wanga,

Amayi akuti madalitso. Chifuwa chikadalipo. Mpunga tawoka, njati yathu yoweta yabereka, misundu yandimaliza miyendo. Iwe ukudya, kapena ukadali kukhalira tiyi ndi mapepala?

Zimene ananena sindingaiwale. Anati, "Mayi, amuna ambiri amapita ku India akatopa ndi pakamwa pa akazi awo." Bwalo lonse linaseka, ndi mlembi yemwe. Iwe unali pansi kutola mapepala ako amene anamwazika, nchifukwa chake sunamve. Ukalembe zimenezo. Wachita bwino, ndipo usandifunsenso ngati wachita bwino.

Tsopano tamva za kuno. Bambo ako aang'ono a Khadga, chilowereni chipani cholamula chija, amavala chipewa ngakhale popita kuchimbudzi. Sabata yatha anabwera ndi wansembe. Ndinkayesa adzaona Amayi. Wansembe anakhala pakhonde nkumasula kamtolo ka udzu wa kusha, namanga miyendo, manja, mutu. Ndinati, "Bambo, ameneyu ndiye ndani?" Iwo anati, "Mpongozi, usafunse zimene ukuzidziwa. Tangomukonzeratu, palibe akumutentha lero."

Ndiye ali pansanja, pamwamba pa chimanga. Tsopano ndili ndi amuna awiri, Babu. Wina sabwera, wina satuluka.

Ndimamugoneka chagada. Ndikakwera kukatenga chimanga ndimamupeza wapendekera kuwindo loyang'ana kunjira. Amayi akuti ndi makoswe. Makoswewo adya dengu, adya chingwe, koma udzuwo sanaukhudze.

Amayi ndiwo akundidetsa nkhawa. Wansembe wawauza kuti wakufa wosatenthedwa amayendayenda ndi njala, ndipo chiyambireni kumva zimenezo akulota achimwene ako atanyamula mbale yopanda kanthu. Chitseko sakhomabe ndi mpiringidzo, monga mwa masiku onse, koma tsopano sindikudziwa kuti akutsekulira ndani.

Zaka zonsezi a Khadga sanatchulepo za mwambo. Bwanji mwezi uno? Chondilimbitsa mtima nchakuti mwana wamwamuna tinalibe, choncho moto ndi wako kuyatsa. Popanda iwe sangachite kanthu. Utoto wanga wofiira ndikupakabe m'mawa uliwonse, wochuluka, kuti a chipewa aziuona ali patali.

Tilembere za a Dzino la Golide akowo.

Goma

*

Kathmandu, 2 Saun

Alamu anga,

Moni kwa inu, ndipo mundigwadire pamapazi a Amayi. Kodi mankhwala amene ndinatumiza ndi wa basi anafika? Nanga mvula kumeneko?

Dandaulo lathu lafika patali. Phungu uja walankhula pa wailesi, akumenya tebulo, akuti chipani chake sichidzalola munthu wa manja akuda kukhala pa Bwalo Lalikulu. Dzina la achimwene analitchula molakwika, koma analitchula. Ndinakhala pabedi nkumvetsera. Ndinali nditaiwala mmene limamvekera pakamwa pa mlendo.

Andiuza kuti ndisachoke mu mzinda, chifukwa wodandaula akasowa pa tsiku lomuitana dandaulo lake limagwa. Tsikulo akulisunthasuntha. Ndimapita kukakhala pabenchi m'khonde la komiti mpaka andiuze kuti si lero. Pabenchipo timamva zambiri. Akuti chipani chotsutsa nachonso chili ndi woweruza wake pa mndandanda womwewo, ndipo iyenso bokosi lamudzazira madandaulo. Mayi wina amene amadikira nane anati, "Mwana wanga, mabokosi awiri akadzaza amafafanizana." Ndinaseka, koma sindinagone bwino.

Pali china. Pabenchipo pamakhalanso bambo wina wa ambulera yakuda, amene sadandaula za aliyense ndipo sagwira ntchito pamenepo. Dzana anasendeza thupi kuti ndikhale, nati, "A Karki, kumudzi kuli bwanji? Udzu uja wauma? Pansanja pamachita chinyontho nyengo ino." Ndinati sindikudziwa zimene akunena. Anamwetulira nkundipatsa ndudu.

Alamu, za udzu sindinauze munthu aliyense kuno. Mwina ndinamva molakwika. Ndadzifunsa kambiri, koma sindinamve molakwika.

Ndikuganiza kuti ndayamba kuona chimene akufuna. Munthu wosowa ndi funso, ndipo komiti iyenera kuliyankha. Munthu amene abale ake amutentha okha si funso. Chonde, zivute zitani, udzuwo usatsike pansanja.

Hemanta

*

Simle, 11 Saun

Kwa mwana wathu wophunzira Hemanta,

Landira madalitso a bambo ako aang'ono. Ife tili bwino mwa chifundo cha milungu, kupatula mayi ako amene akutha tsiku ndi tsiku pamene mwana wawo akutchuka pa wailesi.

Mwana wanga, unapita kuyunivesite kukaphunzira malamulo, mayeso a uloya sunalembe, ndipo lero ukufuna kugwetsa woweruza. Ine sindinaphunzire, koma ndikudziwa kuti wamkulu akakwera sayiwala amene anamugwira mwendo. Mudzi uno ukufuna msewu, ukufuna magetsi. Anthu akundifunsa kuti banja la Karki likufuna chiyani.

Koma za ndale zisiye. Dambar ndinamunyamula ali khanda, ndipo nanenso ndimalira. Mayi ako akufuna kuti nyengo yodyetsa mizimu ya makolo ikamafika mwezi wa Asoj, mwana wawo akhale ali pakati pa makolo, alandire mpunga ndi madzi. Kodi uwakaniza zimenezo chifukwa cha pepala? Mlamu wako ndi mkazi, amalankhula ndi mtima. Iwe ndiwe mwamuna wa pakhomo.

Wansembe wasankha tsiku la 3 Bhadau. Bwera udzayatse moto. Ngati ntchito yako yaikuluyo siikulola, mwambo umalola kuti bambo wamng'ono ayatse m'malo mwako. Ukapanda kuyankha tidzadziwa kuti wavomera koma ukuchita manyazi kunena, monga mmene unalili kuyambira ubwana wako.

Ukamabwera undigulire mabatire a tochi.

Bambo ako,
Khadga Bahadur Karki

*

Kathmandu, 21 Saun

Bambo,

Ndagwada pamapazi anu. Kalata yanu yafika lero, ndipo ndikuyankha lero lomwe. Ndayesa kuimba foni ya kumsika koma ndi yakufa.

Ayi. Moto ndi wanga kuyatsa ndipo sindikuupereka kwa munthu. Palibe amene anaona mtembo wa achimwene. Kubwera sindingabwere mpaka komiti itandiitana. Amayi muwauze kuti ndikamaliza kuno ndidzakhala nawo pansi, ndipo akadzandiuza okha, alamu ali pomwepo, ndidzamva.

Kalata iyi sindinailembe kawiri. Ndangoikopera.

Hemanta

*

Kathmandu, 6 Bhadau

Alamu anga,

Moni. Amayi ali bwanji? Papita nthawi osamva za inu, ndipo wailesi ikuti phiri lagumukira msewu wa kwathu. Ndiuzeni kuti zimene ndamva dzulo ndi zabodza.

Anatiitana dzulo. Chipinda chake ndi chachitali, aphungu a chipani cholamula mbali ina, otsutsa mbali ina, Luitel pakati ndi kapu ya madzi. Wakalamba, tsitsi wapaka lakuda. Ndisanalowe ndinakumana ndi a Dzino la Golide. Anandigwira phewa, osati bondo, nati, "Mphwanga, ndale ndi kuleza mtima. Tapeza wathu, iwo apeza wawo. Nkhani yako tidzaitenga ulendo wina." Pamenepo ndinadziwa kuti agawana.

Mafunso ake anali ofewa ngati a paukwati. Wina anafunsa kuti athana nayo bwanji milandu yochedwa. Wina anafunsa za thanzi lake. A Dzino la Golide anafunsa kuti amawerenga mabuku anji. Kenako wapampando anatenga dandaulo lathu, analitembenuza, nandiitana. Ndinaimirira, mawu amene munandikumbutsa aja ali pakamwa.

Wapampando anati, "Wodandaula, choyamba pepani ndi maliro."

Ndinati, "Maliro a yani, bwana?"

Aphungu anayang'anana. Wapampando anawerenga pepala lochokera kwa bambo aang'ono, lonena kuti banja latentha Dambar Karki pa 3 Bhadau mwa mwambo wonse, ndi chilolezo cha mng'ono wake. Anati poti banja lenilenilo latseka nkhaniyi, komiti siingafunse woweruza za komwe kuli munthu amene eni ake akudziwa komwe ali. Mbali zonse ziwiri zinagwedeza mitu pamodzi, ngati mawere pamphepo.

Ndinati, "Sindinalole." Mwina ndinanena motsitsa. Wolemba za msonkhano sanasunthe cholembera.

Luitel anatembenuka. Anavula magalasi, anawapukuta, anaphatikiza manja nati, "Mzimu wa achimwene anu uuse mumtendere." Anandiyang'ana mwachifundo chenicheni, Alamu. Chimenecho ndicho chikundiopsa.

Onse anamuvomereza, palibe anakana. Ndikutuluka ndinadzifunsa kuti msewu umene watsekeka uja pepala lawo linadutsa bwanji m'masiku awiri okha. Kapena linali kuno kale, moto usanayake?

Ndilembereni.

Hemanta

*

Simle, 17 Bhadau

Babu,

Amayi akuti madalitso. Akudya bwino tsopano, chifuwa chachepa. Sindikudziwa ngati ndikondwere.

Ndi zoona. Tsiku lake a Khadga anafika ndi wansembe ndi amuna a chipani, nati Hemanta wavomera ndi chete wake. Ndinaima pamakwerero a nsanja nkunena kuti adutse pa ine. Amayi ndiwo anandichotsa. Anandigwira mapazi, Babu, apongozi kugwira mapazi a mpongozi wawo, nati, "Goma, ali ndi njala mwana wanga." Ukanatani iweyo?

Anamunyamula pamachira a nsungwi, amuna anayi, kamunthu kopepuka ngati nkhuku. Akazi anandikhazika pamwala kumtsinje, anandithira madzi pamutu mpaka utoto unatsikira m'maso, anadula mikanda. Amene anabwerera kumoto akuti udzuwo unavuta kuyaka, mpaka anathira mafuta a ng'ombe kawiri. Wansembe akuti chinali chinyontho.

Kalata yako ya "ayi" yafika pamodzi ndi yako ina yonena za komiti. Anabweretsa a Khadga okha, akuti wa makalata anasiya kwa iwo msewu utatseguka. Ya komiti inali yonyowa ngati zonse za m'thumba la wa makalata. Ya "ayi" inali youma, ndipo inkanunkha fodya wa m'thumba la malaya awo. Ndinawawerengera mokweza pakhonde. Anati, "Zachitika kale, mpongozi," nkufunsa ngati watumiza mabatire.

Tsopano tamvera, ndipo usandiuze kuti ndi kusadya mchere kwa pamaliroku. Dzana masana nkhungu inakwera kuchokera kumtsinje mpaka kuphimba khola. Ndinali pakhonde ndi nsalu zanga zoyera zaumasiyezi ndikupeta mpunga. Kumapeto kwa bwalo, pamtengo wa lalanje, panaima munthu. Nkhope sindinaione. Anali wowonda, phewa lina lotsika monga la munthu wozolowera kunyamula chikwama cha mabuku. Sanayandikire. Anangoima pamalire, ngati munthu wodziwa kuti sakuloledwa. Ndinafuna kuitana dzina, koma ndinakumbukira kuti ndavala zoyera.

Amayi anatuluka. Anamuona, Babu, sindinali ndekha. Sanakuwe. Analowa m'nyumba, anatenga mbale ya mpunga ndi mphodza, anaiika pansi, nkuikankha ndi ndodo yawo pang'onopang'ono kulowera kumtengo. Atatero analowa nkukhoma chitseko ndi mpiringidzo, koyamba chitengedwereni achimwene ako.

Nkhungu itachoka panalibe munthu. Mbale inali pomwepo, mpunga wosakhudzidwa. Mwina anali wodutsa wosochera. Mwina ndi wa chipani wodzaona ngati ndavaladi zoyera. Koma ngati anali iye, wabwera nkupeza tamutentha.

A Khadga akuti ubwere udzamete mutu monga mng'ono wa wakufa. Ine ndikuti usabwere, ndipo usamete. M'banja muno mukhale munthu mmodzi amene sanamuphe. Mikanda ndinatola yonse pamwala paja, ili m'kachitini ka tiyi.

Iwe wa malamulo, pempho lija lingalembedwenso? Ngati pakufunika dzina la mkazi wake, lemba langa. Lemba kuti mkazi, osati wamasiye.

Goma

*

Pempho latsopano ndinalilemba kamodzi kokha. Ndinapita nalo ku Bwalo Lalikulu m'mawa wina wa mwezi wa Asoj, nyengo yodyetsa makolo itayamba, m'misewu modzaza amuna ometa mipala. Ndinkadziwa kuti likhoza kugwera patebulo la Luitel. M'khonde munali mukadali nkhata zamaluwa zofota za tsiku limene oweruza atsopano analumbira, ndipo pa chitseko china dzina lake linali litalembedwa kale ndi utoto wonyezimira.

Pabenchi ya pafupi ndi chitsekocho panali bambo wa ambulera yakuda uja. Anasendeza thupi kuti ndikhale.

"A Karki, pepani ndi maliro," anatero. Anayang'ana mutu wanga nthawi yaitali. "Koma tsitsi simunamete?"

"Kwathu sikunafe munthu," ndinayankha. Ulendo uno ndinadzimva ndekha.

Sanaseke. Anatembenuka kuyang'ana kumapeto kwa khonde, kumbuyo kwanga, ngati kuti kwaima wina amene ndabwera naye. Ine sindinacheuke. Ndinapita pawindo la mlembi, ndinapinda mapepalawo pakati, nkuwalowetsa pansi pa galasi.